Likongwe ndi Mahedifoni a Wapampando Mvuu

Padangokhala, ndipo amene mukundimva vomerani kuti tili tonse, kwaya ya nyama imene inkatchuka ndi nyimbo imodzi yokha. Nyimbo zina ankaimba ndithu, koma omvera ankangozipirira podikira imeneyo. Woitsogolera adali Mai Njiwa. Ikafika pa kolasi, iwo ankafunsa okha, ndi timawu tawo tofewa tija, kuti adzawasenzetsa ndani mtolo tsiku limene mphamvu zidzawathere, ndipo kwaya yonse inkayankha pamodzi kuti ilipo, asade nkhawa. Ankafunsa katatu, nayankhidwa katatu. Adaitsogolera nyimboyo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo nthawi zonse ankaimba atatsinzina.

Wapampando wa kwayayo adali a Mvuu, oimba besi. Mtima woipa adalibe, tisawanamizire. Vuto lawo lidali limodzi: akakupatsa chinthu, uzichiyamikira mpaka chidzathe, ndipo chikatha uziyamikirabe pamalo pomwe chidali. Mphunzitsi wa kwaya adali a Khwangwala a kolala yoyera, odziwa nyimbo kwabasi, koma a Mvuu akangotsokomola iwo ankasintha maganizo. Ndiye padali Likongwe, wokonza mafoni pamsika, amene ankasamala kompyuta ya kwaya. Mbiri yake pa nkhani ya mazira sidali yabwino. Chaka china adamunamizira kuti waba mazira a Nkhanga, ulendo umodzi wokhawo umene sadabedi, ndipo amene adaimirira kumuchitira umboni adali Mai Njiwa. Likongwe ankaiwala zambiri, koma chimenecho sadaiwale.

Tsiku lina kudabwera uthenga wa mpikisano: kwaya iliyonse ijambule vidiyo ya nyimbo yake, itumize pofika Loweruka. A Mvuu adapita kutauni, nabwerako ndi makatoni awiri. M'katoni imodzi mudali sipika yatsopano, mu inayo mudali mahedifoni akuluakulu otseka khutu lonse, ndipo zonsezi zidali zopanda waya. Kudali nthungululu. A Khwangwala adalankhula mawu oyamikira mpaka ena miyendo kuchita dzanzi.

"Kuyambira lero," adatero a Mvuu, "m'kwaya muno waya watha. Zakale zonse ziikidwe m'katoni, zikakhale kuchipinda cha katundu. Ndipo popeza zipangizo tsopano ndi zapamwamba, wolakwitsa azikhala woimba. Wophonya polowera, mzere pabolodi. Mizere ikakwana itatu, abweze yunifolomu."

"Lamulo labwino zedi, bwana Wapampando," adatero a Khwangwala.

Choko adapatsa Likongwe.

Lolemba adayamba kuyeserera. A Khwangwala ankayang'ana pa kompyuta, pomwe kamzere kankayenda kusonyeza pamene nyimbo yafika, n'kumatsitsa phiko. Koma phiko likatsika, sipika inkayamba yaganiza kaye, kenako n'kulira. Kwaya yonse inkatsatira sipika, ndiye inkabwera pambuyo pa phiko. Adabwereza kanayi, zonse chimodzimodzi.

"Kodi mwadya chiyani lero nonsenu?" adafunsa a Khwangwala. "Likongwe, lemba."

"Ndilembe ndani, aphunzitsi?"

"Onse ochedwa."

"Chabwino. Ndiyambire kutsogolo kuno, kapena kumbuyo kuli a besi?"

A Khwangwala adayang'ana kumbuyo kumene kudaima a Mvuu, nati leroli lidali tsiku lozolowera chabe.

Onse atapita, Likongwe adatsalira. Adadina batani la kompyuta, ndipo sipika idalira iye atatha kale kuphethira. Adadinanso, chimodzimodzi. Adapita kuchipinda cha katundu, natola waya wakale m'katoni muja, naulumikiza kuseri kwa sipika, naudutsitsa pansi pa chitenje choyala patebulo mpaka ku kompyuta. Atadinanso, sipika idalira nthawi yomweyo. Adakonza chitenje chija bwinobwino, napita kwawo akuimba mluzu.

Lachiwiri kwaya idayendera limodzi ndi phiko la a Khwangwala.

"Mwaona?" adatero a Mvuu. "Chinthu chapamwamba chimafuna kuzolowera malo."

"Zoona bwana," adavomera Likongwe. "Dzulo chidali chikadali mlendo."

Kenako idakwana nthawi ya Mai Njiwa. Adawaimika paokha pakona, pa maiki, kuti mawu awo ajambulidwe osasakanikirana ndi a ena, nawaveka mahedifoni aja kuti azimvera zing'wenyeng'wenye mmenemo. Iwo adatsinzina monga mwa masiku onse. Itafika kolasi, adalowa mochedwa. Adakali mkati mofunsa za wowasenzetsa mtolo, phiko lidatsika, kwaya n'kuwagwetsera yankho pakamwa funso lisadathe. Katatu konse zidatero. Nguluwe wa tenala adaseka mpaka kutsamwa.

"Lemba," adatero a Khwangwala.

Likongwe adalemba mzere waung'ono momwe akadathera, koma mzere ndi mzere.

Potuluka, Mai Njiwa adamukokera pambali.

"Achimwene, musandibisire. Kodi ndakalamba?"

"Mukadakalamba ndikadakuuzani kalekale, achemwali. M'kamwa mwanga muno mulibe chitseko."

"Inetu ndimalowa pomwe ndamvera."

"Ndikudziwa. Ndipatseni mpaka mawa."

Likongwe adachita zonse zimene wokonza zinthu amachita. Adatchaja mahedifoni mpaka batire kudzaza. Adazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, mankhwala amene amachiza theka la matenda obwera pabenchi lake kumsika. Adaiuza kompyuta kuti iwaiwale mahedifoniwo, kenako nawalumikizanso mwatsopano. Lachitatu adasendeza maiki pafupi ndi tebulo la kompyuta, nayenda ndi lichero kutolera mafoni a kwaya yonse atawazimitsa, ponena kuti amatsekereza njira yodutsa mawu. Nguluwe adapereka yake monyinyirika, akuyang'anitsitsa lichero limene lidali m'manja mwa Likongwe.

Kuchedwa kudachepa, koma sikudathe. Ndiye asadayambe, Likongwe adanong'oneza Mai Njiwa.

"Lowani msanga pang'ono. Musadikire kumva."

"Ndiimbe chinthu chimene sindidachimve?"

"Lero lokha, achemwali."

Funso loyamba adalilasa penipeni, Likongwe mpaka kuvina ndi mchira. Lachiwiri adafulumira kwambiri. Lachitatu adasokonezeka, osadziwa kuti akhulupirire makutu kapena Likongwe, ndipo kwaya idawayankhanso asadathe kufunsa. Nzeru za Likongwe zidawaonjezera mzere wachiwiri, wolemba wake yemweyo.

"Mai Njiwa," adatero a Mvuu, "tonse timakukondani, koma lamulo ndi lamulo. Mawa mukaphonyanso, nyimboyi tipatsa wina."

Mai Njiwa adangoti zikomo, natuluka.

Likongwe adathamangira a Khwangwala panjira.

"Aphunzitsi, vuto si Mai Njiwa. Vuto ndi mahedi..."

"Sindidamve."

"Koma sindidamalize."

"Ndiye usamalize. Ine ndidaima ola lathunthu kuyamikira zinthu zimene zija, gulu lonse likumva. Ukufuna ndikameze mawu onse aja? Kawauze wekha a Wapampando."

"Ndikawauza ine, adzati wakuba mazira uja akufuna awanyoze mahedifoniwa kuti apite nawo kumsika."

"Ndipo adzakhala atalakwa?"

Kunena zoona, ganizo limenelo lidamudutsapo ndithu Likongwe tsiku lotsegula makatoni lija. Apa khoswe adali atakhala pamkhate. Kunena zoona kudali kuchititsa manyazi a Wapampando, ndipo kukhala chete kudali kuvula Mai Njiwa yunifolomu.

Lachinayi m'mawa adapita kwa Mai Njiwa, nawapeza akusita yunifolomu yawo.

"Mukusitiranji lero? Kujambula ndi mawa."

"Ndikufuna ndikabweze yoyera. Asadzati Njiwa adasiya makwinya."

Zidamuwawa kwambiri Likongwe. Adakhala pansi, nawaululira za waya wobisika pansi pa chitenje, ndi kuti matenda a sipika ndi omwewo a mahedifoni.

"Ndiye mundiveke mahedifoni athu akale a waya, nkhani ithe."

"Waya wapamutu ulibe chitenje choubisira, achemwali. A Wapampando adzauona asadakhale n'komwe pansi."

"Basi ndiye zisiyeni. Munthu wamkulu ngati uja sindingamuchititse manyazi pagulu chifukwa cha kanyimbo kanga."

"Inu simudzanena kanthu. Mungobwera masanawa, ndipo yunifolomuyo muvale, musaipinde."

Atachoka pamenepo adalunjika kwa a Mvuu, nawapeza akupukuta katoni ya mahedifoni, imene ankaisunga pakabati.

"Bwana Wapampando, nkhani ya Mai Njiwa yandisowetsa mtendere. Mayi uja sakuwadziwa mavalidwe ake mahedifoni amenewa."

"Inenso ndaona choncho."

"Nanga adziwa bwanji, poti palibe adamuonetsako? Aphunzitsi amangokupiza phiko. Ine ndine wa batani chabe. Amene akuzidziwa zinthuzi ndi amene adazisankha yekha kutauni."

A Mvuu adaleka kupukuta. "Ukutanthauza kuti ndimuonetse ine?"

"Ine sindingakutumeni, bwana. Kungoti zimandimvetsa chisoni. Mawu ngati anuwo, zaka zonsezi ali kumbuyo, osamvekako paokha ngakhale kamodzi. Mutaima pa maiki lero, n'kufunsa mafunso atatu aja ndinu, mayi uja akhoza kuona kuti kulowa pa nthawi yake n'kotani."

"Komatu ndi nyimbo ya mawu ang'onoang'ono."

"Ndiye tiimve ndi mawu aakulu, kamodzi kokha."

A Mvuu adatsokomola, nayesa kolasi chapansipansi, mbale za pakabati n'kunjenjemera. Adati aganizira, koma Likongwe potuluka adawamva akubwereza kachitatu.

Masana kwaya itasonkhana, a Mvuu adaimirira.

"Tisadamuweruze mayiyu, ndimuonetse kaye mmene zimakhalira. Mai Njiwa, khalani apo, muonetsetse."

Mai Njiwa adakhala pabenchi, yunifolomu ili yosita bwino. Likongwe adakwera pampando, nawaveka a Mvuu mahedifoni pa timakutu tawo tija, nadina batani. Nyimbo idayenda. Itafika kolasi, a Mvuu adatsegula kukamwa konse, nafunsa ndi mawu ogwedeza malata za amene adzawasenzetse mtolo. Adakali mkati mofunsa, phiko lidatsika, kwaya n'kuwayankha kuti ilipo.

Nguluwe adadziluma mlomo. A Mvuu adavula mbali imodzi ya mahedifoni.

"Mwathamanga."

"Tathamangadi, bwana," adatero a Khwangwala.

"Ndiye timvere zimene kompyuta yajambula," adatero Likongwe, choko chili m'manja, "tione amene wayambitsa kuthamangako, ndimulembe."

Adadina. Onse adamva zing'wenyeng'wenye ndi kwaya zikuyendera limodzi, mawu a a Mvuu akubwera pambuyo ngati ng'ombe yotsalira popita kudibi. A Khwangwala adayamba kuwerenga malata a denga.

"Aphunzitsi, ndilembe pati?" adafunsa Likongwe.

A Khwangwala sadamve. Koma ndanena kale kuti a Mvuu mtima woipa adalibe, ndipo bodza lapagulu ankaliopa kuposa manyazi.

"Lamulo ndidaika ndine. Lemba. Tibwereze."

Ulendo wachiwiri adatsinzina, nakanikiza mahedifoni kumakutu ndi manja onse awiri. Adalowa mwamphamvu, ndipo yankho lidawapezanso ali pakati pa funso. Likongwe adalemba mzere wachiwiri, wautali bwino, wooneka ngakhale uli pakhomo.

"Kulibwino tipumeko, bwana Wapampando," adatero a Khwangwala.

"Palibe kupuma. Dina."

Ulendo wachitatu thukuta lidali kamukamu. A Mvuu adamvetsera ndi thupi lonse, napuma mpweya wokwanira mudzi, nalowa pomwe adali otsimikiza kuti m'pomwepo. Kwaya, imene tsopano inkaimba mwamantha, idayesa kuwadikira, koma zing'wenyeng'wenye sizidikira wapampando. Choko chidalira pabolodi kachitatu.

Likongwe adapukuta choko m'manja.

"Aphunzitsi, yunifolomu ya a Wapampando tiilandirira m'chiyani? Katoni ya sipika ija ikwana?"

Palibe adaseka. A Mvuu adakhala pansi, benchi n'kudandaula.

"Koma ine ndalowa pomwe ndamvera," adatero motsitsa mawu. "Katatu konse ndalowa pomwe ndamvera."

"Inenso, bwana," adatero Mai Njiwa.

A Mvuu adawayang'ana. Kenako adatembenukira kwa Likongwe.

"Iwe ukudziwa kanthu. Nena."

"Valaninso kaye, bwana, koma maso akhale pa chala changachi."

Adawaveka, nagogoda maiki ndi chikhadabo kamodzi. A Mvuu adaona chikhadabo chikugunda, chikuchoka, ndipo chitachoka m'pamene kugogoda kudafika m'makutu mwawo. Likongwe adagogodanso. A Mvuu adavula mahedifoni pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti adandigulitsa zowonongeka."

"Ayi bwana, ndi zabwinobwino. Vuto lake ndi ulemu. Mawu oyenda pa waya ali ngati mwana wa pakhomo, amangokankha chitseko n'kulowa. Koma awa opanda waya, kompyuta imayamba yawamanga m'phukusi, ayende mumlengalenga, akafika pakhomo pa khutu aodire, agwade, amasule phukusi, ndiye alankhule. Pomvera nyimbo muli gone kunyumba, palibe chovuta, achedwe asachedwe mumva zonse. Koma poimba ndi anzanu, iwo akamamaliza kupereka moni, ife tadutsa. Ndayesa kutchaja, kuyandikiza, kuzimitsa mafoni. Ulemuwo umachepa, koma sutha."

"Nanga sipika yanga bwanji sikuchedwa? Nayonso ilibe waya."

Likongwe adayang'ana khomo, kuyeza mtunda wake. Kenako adagwira nsonga ya chitenje cha patebulo, nachikweza. Waya wakale uja adali pamenepo, wakuda, womangidwa tepi pakati.

"Kuyambira liti?"

"Lolemba, bwana."

"Ndiye Lachiwiri lija, ine ndikunena kuti yazolowera malo, iwe n'kumavomera?"

"Idazoloweradi, bwana. Ndidangoithandiza."

A Khwangwala adali atasendera kale pafupi ndi zenera. Mapewa a a Mvuu adayamba kugwedezeka, ndipo onse ankayesa kuti ndi ukali, mpaka kudatuluka kuseka kwawo kuja kwa m'mimba, kotsokomola. Adaseka mpaka misozi. Nguluwe ataona kuti kuseka kwaloledwa adatulutsa kwake konse kumene adasunga, kwaya yonse n'kutsatira. A Khwangwala adaseka pomalizira, nati iwo adali ataziona kale kuti mahedifoniwo ali ndi kachilema.

"Aphunzitsi, khalani chete," adatero a Mvuu.

Adaimirira, napita kubolodi, nafufuta ndi chikhatho mizere iwiri ya Mai Njiwa. Yawo itatu adaisiya, nati ikhale pomwepo mpaka Loweruka kuti aziiona. Kenako adapita okha kuchipinda cha katundu, nabwera ndi mahedifoni akale a waya, aja khutu limodzi lomatidwa ndi tepi. Adaima patsogolo pa Mai Njiwa atawagwira ndi manja awiri.

"Mayi, ndakulakwirani. Ndidakhulupirira katoni kuposa zaka zanu khumi ndi ziwiri. Dzatiimbireni."

Mai Njiwa adadzuka pabenchi. Adangolandira, navala, naima pa maiki. Likongwe adalumikiza waya, nadina batani. Itafika kolasi adalowa penipeni, nafunsa funso lawo mpaka kumapeto, ndipo kwaya idayankha pa nthawi yake, besi ya a Mvuu ikumveka kuposa onse. Pofika funso lachitatu misozi inkatsika m'maso mwawo motsinzina muja, koma mawu sadagwedezeke.

Vidiyo adajambula Lachisanu, waya ukuoneka poyera kuchokera kumutu kwa Mai Njiwa mpaka patebulo. Za mpikisano musandifunse zambiri. Adakhala achiwiri, ndipo imene idapambana idali kwaya ya apongozi a woweruza, koma imeneyo ndi nkhani ina. Mahedifoni opanda waya aja Likongwe adadzipereka kuti aziwasunga kumsika kuopa fumbi. A Mvuu adamuthokoza chifukwa cha mtima wabwinowo, napita nawo kwawo.

Koma Mai Njiwa mantha a masiku atatu aja sadawathere. Kuyambira pamenepo adaleka kudalira makutu okha, nayamba kusunga nthawi ya nyimbo ndi mutu, ngakhale poyenda pabwalo, kuti pasadzapezekenso wowalemba mzere. Ana awo adatengera, adzukulu awonso. Mukadzaona njiwa ikuyenda n'kumagwedeza mutu pa phazi lililonse, musaisokoneze, ikuwerenga polowera.

Nthano yanga yathera pomwepa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaphule, isanapserere.